Kaudzu ka m'Dzenje la Chiboda

Ine ntchito yanga ndi yomanga mipanda ya waya, ndipo ndikamanga ndamanga, ngakhale mbuzi imabwerera ikulira. Ndiye mlamu wanga, mng'ono wa mayi akunyumba, amene amaphunzitsa za zomera ku koleji, atandiuza kuti ndikagwetse mpanda womwe ndinamumangira ndekha, ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mlamu, sukuluyi yakuzunguzani mutu eti?"

Sanaseke.

Nkhani yake inali ya kaudzu kena ka masamba opyapyala ngati tsitsi, komera pansi pa madzi osatulukira kunja. Konse kumene kankapezeka, anthu anakwirira kapena madzi anaipa. Kanangotsala m'kadziwe kamodzi kuseri kwa fakitale ya njerwa, pomwe ng'ombe zinkamwera. Mlamu ataona ziboda zikupondaponda chuma chakecho mtima unamupweteka, n'kundiitana. Ndinazinga dziwe lonse, ng'ombe zikaonere kwina.

Koma ng'ombe zitasiya kubwera, bango linapeza mpata. Linamera mothinana, kutchinga dzuwa, madzi n'kuda bii. Mlamu anasakasaka dziwe lonse atavala majombo, osapeza ngakhale katsamba kamodzi.

"Ndakapha ndine, alamu," anatero atakhala pa mpukutu wa waya pamalo anga a ntchito. "Ng'ombe zija ndi zimene zinkakalimira. Zinkadya bango, zinkatakasa matope. Mwina njere zake zikadali m'matopemo. Mwinanso ayi."

Kunena zoona anandimvetsa chisoni, mwana wa eni ake atawonda ndi udzu. Ndinakadula waya wanga uja ndikung'ung'udza. Ng'ombe zinalowa ngati kwawo, kudya, kuponda, ndowe n'kusiya momwemo. Chamumtima ndinati apa ndiye tamalizitsa maliro.

Panapita miyezi. M'mawa wina foni inalira, mlamu n'kungoti, "Bwerani." Ndinamupeza atagwada m'matope m'mphepete mwa dziwe, pomwe bango linali litatha ndipo madzi atayera. Anandipatsa ndowa yoboola pansi, yomatidwa galasi, nati ndiikanikize pamadzi ndisuzumire.

Abale anga, ine ndakula ndikudutsa m'madambo, koma sindinkadziwa kuti pansi pa madzi pali dziko linanso. M'dzenje lomwe chiboda chinasiya munali timaulusi tobiriwira, tikuweyuka pang'onopang'ono popanda mphepo. Dzuwa linkafika mpaka pansi. Pa katsamba kalikonse panali timathovu tonyezimira ngati mikanda, kena n'kumasuka, kukwera, kena n'kutsatira. Kaudzuko kankapuma ine ndikuona. Njere zinakhala mumdima nthawi yonse ija, osafa, kungodikira phazi la ng'ombe. Ndipo pa dziko lonse lapansi, mtundu wonsewo unali pamenepa, m'kadzenje koti chikhatho changa chikhoza kuvindikira. Ndinaopa ngakhale kutsokomola.

Kenako ndinamva kufwenthera kumbuyo. Ng'ombe yaikulu, yamatope mpaka m'mimba, inkabwera kulunjika pomwe tinagwadapo. Dzanja langa linathamangira mwala.

Mlamu anandigwira mkono. Maso ake anali pa kadzenje kaja.

"Isiyeni, alamu."

Tinadzuka m'matopemo, n'kuipatsa njira.