Zoyera za M'kamwa mwa Jamali

Linali tsiku lachitatu Jamali asakuyamwa bwino. Akangogwira bere ankalisiya n'kuyamba kulira. M'kamwa mwake munali zoyera zomatirira pa lilime ndi m'masaya ngati mkaka wogona. Rahima, mayi ake, anayesa kupukuta ndi nsonga ya chitenje, koma pamalopo pankatsala pofiira. Mwana wa miyezi inayi anayamba kupepuka m'manja. Nayenso Rahima kumalo obisika kunkamuyabwa, nsonga za mabere zikuwawa.

Azakhali ake, Abiti Shaibu, atabwera koyanika matemba ku Kachulu, anangoyang'ana kamodzi.

"Awa ndi mauka, mwanawe. Matenda ali mwa iwe, mwana akungoyamwirako. Mawa tipite akakudule. Lezala ndagula kale latsopano."

Rahima anakumbukira mnzake amene anadulidwa chaka chatha nataya magazi mpaka kumunyamula pa njinga. Koma akakana, mwana n'kutisiya, anthu adzaloza ndani?

M'mawa ali pa ulendowo, anapeza mayi Loveness, mlangizi wa zaumoyo, akuchititsa sikelo pansi pa mtengo wa mango. Rahima anapatuka.

"Tichedwatu," anatero azakhali.

"Angomuona kaye, azakhali."

Mayi Loveness anasuzumira m'kamwa mwa mwana, namva zonse. "Amake Jamali, mwamwapo mankhwala posachedwapa?"

"Makapisozi. Bambo ake anandigulira padoko nditadwala chifuwa. Otsala ndinasungunulira mwanayu atayamba chimfine."

"Vuto layambira pamenepo. M'thupi mwa aliyense, ngakhale mwa ine, mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tambiri n'tabwino, timatiteteza. Mulinso tina ta mtundu wa yisiti, tochepa, ndipo sitivuta chifukwa tabwino tija timatitchinga."

"Ndiye mukuti mdzukulu wangayu ali ndi yisiti ya mandasi m'kamwa?" anafunsa Abiti Shaibu.

"Si yomweyo, amayi, koma n'zapachibale. Inu mumalima mpunga. Madzi akaphwa m'munda chimachitika n'chiyani?"

"Udzu umatenga malo."

"Wabzala ndani?"

Azakhali anati, "Palibe. Umakhalamo kale."

"N'chimodzimodzi. Makapisozi aja apha tizilombo toteteza, yisiti yapeza mpata, m'kamwa mwa mwana ndi kwa mayi ake komwe. Palibe chodula apa. Lezala lingobweretsa bala pamalo potupa kale. Pitani kuchipatala lero, akakuyezeni nonse awiri."

Rahima anatembenukira kwa azakhali ake. Iwo anamanga lezala lija pa mfundo ya chitenje.

"Tiye. Koma zikakanika, njira ina ija ndikuidziwa."

Kuchipatala anapatsa Jamali mankhwala odontheza m'kamwa. Nayenso Rahima anapatsidwa ake, ndi opaka pa mabere kuti asamapatsirane ndi mwana. Anamuuza kuti asasiye kuyamwitsa, ndipo amalize mankhwala ngakhale zoyerazo zitatha.

Lachisanu Jamali anagwira bere osalisiya mpaka anagona, mkaka ukutsikira kuchibwano. Abiti Shaibu anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamasula mfundo ija, napereka lezala kwa bambo a mwana kuti azidulira ulusi posoka ukonde.

Amayi anzanga, si tizilombo tonse m'thupi tili adani athu. Tisamwe makapisozi amene sanatilembere achipatala, ndipo tisapatse mwana otsala. Tikaona zoyera m'kamwa mwa mwana kapena kuyabwa kumalo obisika, tisadulitse. Tipite kuchipatala.