Tsiku Limene a Lumo Anavala Pinki

A Lumo anayamba kusapota timu ya Njanji asanamere ndevu. Dzina lakuti Lumo analipeza pantchito yawo yometa anthu, ndipo m'kachipinda kawo kometera, kopanikizika pakati pa sitolo ya mankhwala ndi ya wokonza mafoni, chilichonse chinali cha mizere yakuda ndi yoyera ngati jezi ya timuyo: makoma, nsalu yofunditsa makasitomala, ngakhale kapu yomwera tiyi. Munthu wosapota Sopo, timu ya kufakitale, ankametedwa ndithu, koma ankatuluka makutu akutentha.

"Inu a Sopo khalani bwino, mungaterereke pampandopo," ankatero a Lumo, benchi yonse n'kufa nako kuseka.

Mwana wawo wachisamba, mtsikana wamtali ngati mayi ake, ankatchinga pagolo m'timu ya akazi ya Njanji. Kenaka anavulala bondo. Akuluakulu a timu anakamuona kuchipatala kamodzi kokha, ndipo atachira anamuuza kuti pamalo pake pabwera wina. A Sopo ndiwo anamutola, n'kumupezera katswiri womulimbitsa mwendowo mpaka anayambanso kudumpha.

Tsiku lina mtsikanayo anafika bambo ake akutsuka zipeso.

"Adadi, Loweruka tikumenya ndi Njanji, amuna asanayambe. Ngati n'kovuta musabwere, ndimvetsa."

"Jezi yanuyo ilipo ya saizi yanga?"

"Ndi ya pinki, adadi."

"Maso ndili nawo, mwana iwe. Ndafunsa saizi."

Loweruka a Lumo analowa m'bwalo pageti limene anali asanalowerepo chibadwire. Jezi inawathina pamimba, koma anayenda chifuwa patsogolo n'kukakhala pakati penipeni pa anthu a Sopo, pamalo poti anzawo a tsidya linalo awaone bwino. Njanji itapatsidwa penate, mwana wawo anauluka n'kuukankhira kunja mpira uja, ndipo a Lumo anakwera pampando akukuwa mpaka mawu anasasa. Sopo inagonjabe ndi chigoli chimodzi. Amuna atalowa, Njanji n'kugoletsa, miyendo ya a Lumo inafuna kudzuka yokha mwachizolowezi. Anaikanikiza ndi manja, n'kukhala phee.

Lolemba benchi inadzaza m'mamawa, koma ofuna kumetedwa anali ochepa. Kutsogolo kunali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito, amene anali atakhala nawo mbali imodzi m'bwalo zaka zonsezi.

"Alamu, azungu ali ndi dzina la munthu ngati inu," anatero mphunzitsiyo, natchula liwu lina limene m'makutu mwa a Lumo linamveka ngati tenikoti.

"Limeneli ndi dzina la mankhwala a chifuwa?"

"Sekani, koma ndi chipongwe chachikulu. Mbali yoyamba ya liwulo ndi kutembenuza, yachiwiri ndi chikhoti. Ndi munthu wotembenuza chikhoti chake kuti mtundu wa gulu lake ubisike mkati, kunja kuoneke mtundu wa adani. Amanenera msilikali wothawira kwa adani, kapena wandale wosintha chipani. Palibe amadzitchula yekha. Amakutchula ndi anthu amene wawasiya."

A Lumo anapitiriza kumeta dalaivala wa basi amene anali pampando, osathamanga, makina akung'ung'udza kuseri kwa khutu lake.

"Nanga msilikaliyo amathawira mbali iti, yopambana kapena yogonja?"

"Kawirikawiri yopambana," anavomera mphunzitsi.

"Njanji ili pamwamba pa ligi. Sopo ili kumchira, ngakhale basi yawo amachita kukankha. Ndiye ine ndathawira chiyani kumeneko?"

"Liwuli silifunsa chifukwa, alamu. Dzulo mizere, lero pinki, basi lakukwanani."

"Ngati landikwana ndivala. Komatu liwu lanulo n'laulesi. Likuona amene wachoka, osaona amene anayamba kutseka chitseko. Mwana wanga anawathyokera bondo anthu amenewa, iwo n'kumutaya ngati lezala lobuntha. A tenikoti oyamba ali mu ofesi ya Njanji, kungoti iwo amavala masuti."

Dalaivala anaseka mpaka a Lumo anachotsa makina kuopa kumudula. Ena pabenchi sanaseke. Wokonza mafoni anaimirira nati iye mutu wake sungagwidwenso ndi manja a Sopo, ndipo angapo anamutsatira. Mphunzitsi anatuluka pomaliza, atavala chipewa chake mwaulemu wonse.

Dzinalo linafalikira msewu wonse sabata isanathe. Ogulitsa nyuzipepala, alonda a pabanki, onse ankakuwa "A Tenikoti!" a Lumo akamadutsa, iwo n'kumakweza dzanja ngati phungu. Makasitomala anachepa ndithu, ndipo masana ena a Lumo ankangokhala okha akumvera wailesi. Akazi awo anawafunsa ngati sikukanakhala bwino kupepesa.

"Ndipepese kuti ndinabereka?" anayankha choncho, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'malo mopepesa anagula penti. Sanapake makoma onse, anangopaka khoma la kumbuyo kwa galasi, kuti aliyense wodziyang'ana nkhope aone pinki itamuzungulira. Anyamata a kufakitale atamva, anayamba kubwera akaweruka, akununkhira sopo, ndipo benchi inayambanso kudzaza, tsopano ndi mikangano ya mbali ziwiri imene inkamveka mpaka kusitolo ya mankhwala.

Mphunzitsi anapirira pafupifupi mwezi. Anatulukira Lachisanu lina masana, chipewa atachikokera mpaka m'makutu. Atachivula, a Lumo anaona mutu wometedwa ngati msewu wa zigamba, mbali ina pamwamba, ina pansi.

"Alamu, munachita ngozi?"

"Musayankhule zambiri. Konzani."

A Lumo anawafunditsa nsalu, nayamba ntchito.

"Liwu lija sindinalibweze," anatero mphunzitsi, maso ali pagalasi.

"Musalibweze, landibweretsera makasitomala."

"Bondo la mwana lili bwanji?"

"Bwerani mudzalione nokha. Mawa akusewera."

Mphunzitsi anakhosomola pang'ono. "Ndi mwana wa mlongo wanga, ndiye kumuonera si mlandu. Koma pinki sindivala, ndipo mbali yanuyo sindikhala. Ndikhala pakona, pafupi ndi mbendera."

"Pakona pamawomba dzuwa, alamu."

"Ndibwera ndi ambulera."

M'mawa mwake anapitira limodzi pabasi, wina mu jezi yothina, wina mu shati yoyera yosita bwino, akukangana njira yonse za amene anayenera kusewera kumbuyo. Pageti anasiyana. Sopo inafanana mphamvu ndi timu ya apolisi popanda chigoli, ndipo nthawi iliyonse mtsikana akagwira mpira, a Lumo ankamva mawu a munthu mmodzi kuchokera pakona, akukuwa m'Chingerezi chokhachokha.