Bowo pa Golide

Bambo anga, a Wilkins Kalekeni, ankadana ndi mawu akuti chitaganya. Nthawi imene Nyasaland anamangidwa mtolo umodzi ndi maiko awiri a Rhodesia, boma limodzi ndi ndalama imodzi, iwo anakana mpaka kukagona kundende ya Kanjedza. Ine ndinabadwa iwo ali m'katimo. Pachithunzi changa chaukhanda ndili ndi kobiri la nthawiyo m'khosi, lija loboola pakati, lomwe mayi anandimangira ndi ulusi. Bambo ankati bowo limenelo ndicho chinthu chabwino chokha chimene chitaganya chinapanga. Ngakhale titasamukira ku Laurel, ku America, mkwiyo wawo anabwera nawo m'sutikesi.

Ndiye ine Lenifa, mwana wawo mmodzi yekha, ndinakapeza mwamuna wa ku Zambia. Mumba ankagwira ntchito ya zachuma kubanki ina yaikulu ku Washington, munthu wamtima wabwino koma pakamwa popanda buleki. Tsiku loyamba kudzadya kwathu, m'chaka cha 1985, anauza bambo kuti maiko athu akanapindula akanasunga ndalama imodzi ija, poti wa ku Chipata ndi wa ku Mchinji amagulitsanabe mtedza. Ndinamuponda phazi kunsi kwa tebulo. Iye anangosuntha phazilo n'kupitiriza. Bambo anasamba m'manja chakudya chili pakati.

Kwawo kwa Mumba, mwamuna akafuna mkazi amatumiza kandalama m'mbale ziwiri zovundikirana. Mbale zikabwerako zopanda kanthu, walandiridwa. Ndalamayo ikabwerera, wakanidwa. Patapita zaka ziwiri, pofuna kundifunsira komanso kupepesa, Mumba anapita kusitolo ya ndalama zakale ku Alexandria nakagula ndalama yagolide yokumbukira kuti Malawi ali ndi banki yakeyake. Maganizo ake anali akuti bambo aone kuti iye wavomera, kupatukana kuja kunali koyenera. Inali m'kachikwama kagalasi, ndipo wogulitsa anamuchenjeza kuti asaikhudze ndi chala, ingatsike mtengo.

Anaiika m'mbale, ndipo mnzake Fidelis ndiye ananyamula mbalezo kupita nazo kwa bambo. Anabwerako nkhope ili yakugwa, golide ali momwemo. Bambo anati kwathu ku Dedza mkazi sagulidwa, chikole ndi kanthu kakang'ono kovala, mpango kapena mkanda. Ngati mnyamatayo akufuna kugula, akagule galimoto.

Zinandipweteka, sindinama, ndipo ndinakwiyira onse awiri. Mmodzi amadziwa chuma cha maiko khumi koma osadziwa apongozi ake. Winayo anamenyera ufulu wa dziko lonse, wa mwana wake n'kuutsekera m'mbale. Mayi anandilangiza kuti ndifatse, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ine ndinali nditadekha zaka ziwiri.

Loweruka m'mawa ndinapita kwa Mumba ku Germantown. Ndinam'peza akufunafuna lisiti kuti akabweze ndalamayo kusitolo. Ndinaitulutsa m'kachikwama kake ndi zala zanga zopaka mafuta zomwezi, ndinatsikira nayo kugalaji, ndinaipana pathabwa, n'kutenga makina ake oboolera. Mumba anabwera akuthamanga, akufotokoza za mtengo, za wogulitsa, za malipiro ake a mwezi. Ndinamufunsa ngati akufuna golide kapena ine. Anagwira thabwalo kuti lisagwedere, maso atatsinzina. Golide ndi wofewa, sanavute kuboola.

Fidelis anakana kupitanso, akuti manyazi amodzi akwana. Ndiye mbalezo ndinanyamula ndekha, mwambo undikhululukire, Mumba n'kutsala m'galimoto panja. Bambo ndinawapeza pabalaza akuwerenga nyuzipepala. Ndinagwada, ndinaika mbale patsogolo pawo.

"Nanga nkhoswe yake ndiwe?" anandifunsa.

"Vundukulani, bambo."

Anavundukula. Anakoka ulusi wakuda umene ndinapisa pabowo, golide n'kumalendewera. Anati ndaononga chinthu chodula.

"Ndaononga mtengo wake," ndinayankha. "Kusitolo sangailandirenso. Munati chikole ndi chovala. Ichi n'chovala, ndipo mdzukulu wanu adzachivala m'khosi monga ndinavalira ine."

Bambo anatukula maso. Anayang'ana chithunzi chija pakhoma, kenaka anaimirira napita pawindo. Anakweza ndalamayo kudiso n'kusuzumira pabowopo, kuyang'ana Mumba amene anali gwa m'galimoto, manja onse pachiwongolero ngati wayimitsidwa ndi apolisi. Ine ndinali nditatsimikiza kuti sindidzuka pamenepo ndi mbale zolemera.

Bambo anakulunga ulusiwo pachala, naponya golideyo m'thumba la malaya. Anavundikira mbale zopanda kanthuzo n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Ukamuuze kuti za ndalama imodzizo akulakwabe," anatero. "Alowe, ndidzamufotokozere bwinobwino. Nthawi tili nayo tsopano."