Mizere Yozondoka ya Mayi Fainess

Makina oyezera mtima atafika ku kiliniki ya pa esiteti ya tiyi, Olivia ndiye anatumizidwa kukaphunzira kagwiritsidwe kake. Anali namwino wachitsikana wa ku Goliati, wa zaka ziwiri zokha pa ntchito. Atabwerako, Lolemba m'mawa anapukuta makinawo n'kumadikira munthu woyamba.

Munthuyo anali mayi Fainess Samsoni, amene anali atathyola tiyi pa esitetiyo zaka makumi awiri ndi zitatu. Anamva chizungulire ali m'munda, dengu lili kumsana, ndipo akapitawo anawalamula kuti apite ku kiliniki.

"Ine sindikudwala ayi," anatero mayi Fainess akugona pabedi. "Ndangochoka kunyumba osalawa kanthu. Nanga mawaya onsewa? Mukufuna munditchaje ngati foni?"

Olivia anaseka. "Ayi mayi, magetsi muli nawo kale. Pamwamba pa mtima pali kamalo kamene kamathetheka. Mphamvuyo imatsika, imaima pang'ono pakati, kenaka n'kufalikira m'munsi. Ikatero mtima umafinya magazi. Makinawa amangojambula ulendo umenewo."

"Magetsi m'chifuwa, kunyumba ndikuyatsa koloboyi!"

Olivia anamata mawaya m'mikono ndi m'miyendo, ena asanu ndi limodzi pachifuwa kulowera kumanzere. Pepala litatuluka, kumwetulira kunamuthera. Pa mzere woyamba pamayenera kuoneka kachitunda, nsonga yaitali, ndi chitunda china, zonse zoloza m'mwamba. Apa zonse zinali zozondoka.

Anathamangira kwa a Mathew Peterson, adokotala a pa kilinikipo. Iwo anangoliyang'ana kamodzi pepalalo n'kumubwezera.

"Mwasinthanitsa mawaya a m'mikono, sisitala. Wakumanja mwauika kumanzere. Musadandaule, tonse tinayambira pomwepo."

Olivia anabwerera ali ndi manyazi. Anayang'ana waya uliwonse: onse anali m'malo mwake. Anawamatula, n'kuwamatanso mosamala, nayesa kachiwiri. Mizere inatuluka yozondoka chimodzimodzi.

Tsopano anakhala pansi n'kuliwerenga pepala lonse mofatsa. Nsonga zochokera pachifuwa zimayenera kumakula waya akamayandikira mtima kumanzere. Za mayi Fainess zinali kumachepera, mpaka yomaliza inali ngati kanyerere. Kusinthanitsa mawaya a m'mikono sikungachititse zimenezo.

Anatenga chomvetsera pachifuwa n'kuchiika kumanzere. Kugunda kunamveka patali ngati ng'oma ya mudzi wina. Anachisunthira kumanja. Gu-gu, gu-gu, pafupi penipeni!

"Adokotala, tabwerani mudzamve nokha."

A Mathew anamvetsera uku, anamvetsera uko, kenaka anavula magalasi.

"Zaka khumi ndi zisanu ndikugwira ntchito, izi ndimangoziona m'buku. Sisitala, pepani, ndinafulumira. Mayi, mtima wanu uli kumanja."

Mayi Fainess anadzuka n'kukhala tsonga, mawaya ali lendelende. "Wasamuka liti?"

"Sunasamuke. Munabadwa nawo choncho."

"Ndiye kuti ndifa?"

"Muli ndi ana angati?" anafunsa Olivia.

"Asanu ndi mmodzi. Zidzukulu zinayi."

"Onsewo munabereka mtima uli komweko. Tagonaninso tione mmene ukugwirira ntchito."

Ulendo uno Olivia anasamutsira mawaya a pachifuwa kumanja, ndipo a m'mikono anawasinthanitsa dala. Pepala linatuluka lokongola: kachitunda, nsonga, chitunda, zonse zili chilili, kugunda kulikonse kotalikirana mofanana ndi kunzake. Atayeza magazi anapeza kuti shuga ndiye anali wotsika. Anawapatsa tiyi wotsekemera ndi banzi.

A Mathew analemba kalata yoti mayiwo akaunikidwe ku chipatala chachikulu, kuti aone ngati chiwindi ndi ziwalo zina nazo zinasinthana mbali. Analembanso m'buku lawo la kuchipatala ndi zilembo zikuluzikulu kuti mtima uli kumanja, kuti wina asadzasokonezeke mtsogolo.

Mayi Fainess anamwa tiyi wawo dzanja lili pachifuwa, akumvetsera.

"Bambo a kunyumba akhala nane zaka makumi atatu osadziwa," anatero. "Lero andiuza kuti amamvetsera chiyani nthawi yonseyi."

Tsiku lotsatira Olivia pofika pa ntchito anapeza amayi khumi ndi mmodzi ali pamzere pakhonde, madengu ataunjika pansi pa mtengo wa bulugamu. Palibe amene ankadwala. Aliyense ankafuna adziwe kumene kuli mtima wake. Olivia anawamvetsera mmodzimmodzi, ndipo onse mtima unali kumanzere.

Womaliza anali mayi Lestina, mnzawo wa mayi Fainess pa mzere wothyola tiyi.

"Tamvetseraninso bwinobwino, sisitala," anatero atakhumudwa. "Mwina wanga uli pakatikati."