Chala cha Ada Mhone

Griffin Longwe atabwera kuchokera ku Joni kudzamalizitsa sitolo yake pa Chintheche, anapeza mlongo wake Mavis atagula kale loko. Anali loko wamba wolendewera, wonga amene amagulitsidwa pamsika.

"Uyu akakhale pa khola la nkhuku," anatero Griffin.

"Masitolo onse a mumsewu muno ali ndi wotere, achimwene."

"N'chifukwa chake amathyoledwa."

Sitoloyo inali ya zipangizo za asodzi: maukonde, mbedza, zingwe, nyali ndi oilo wa injini. Mwini wake anali Griffin, koma wogulitsa anali Mavis, poti Griffin ankabwerera kuntchito. Nkhani ya loko inawavuta. Mavis ankafuna woti akachita dzimbiri ndi chinyezi cha kunyanja ungomutaya n'kugula wina. Weston, kalipentala amene ankakhoma zitseko, anati wabwino ndi wolowa m'kati mwa thabwa, wokhala ndi chogwirira. Griffin anawamvetsera onse mpaka atatopa, kenako anatulutsa bokosi m'chikwama.

Loko wa m'bokosimo anali wakuda, wokhala ndi kagalasi kakang'ono pamwamba.

"Kiyi wake ndi chala chako," anatero Griffin. "Kiyi amatayika, kapena wina amakadulitsa mnzake ku Mzuzu. Chala sungachiiwale kunyumba."

Weston anamuyang'ana kwa nthawi. Ananena kuti wakhoma maloko ambiri koma wa maso anali asanakhomepo. Anamukhomabe, akutsatira zithunzi za pa pepala.

Tsiku lotsegulira sitolo kunali pemphero. Analitsogolera ndi Ada Peterson Mhone, mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma ntchito amene akazi ake anali atamwalira chaka chapitacho. Atati ameni, Griffin anaonetsa anthu lokoyo. Anayamba kulembetsa chala chake ngati mwini, kenako cha Mavis. Pomaliza, pofuna kupereka ulemu, anapempha Ada Mhone kuti nawonso aike chawo. Anapukuta chala cha mkombaphala pa jekete n'kuchiika pa kagalasi. Loko analira, kunayaka kagetsi kobiriwira, anthu anaomba m'manja.

Griffin anabwerera ku Joni. Poyamba zonse zinayenda bwino. Kenako inafika sabata imene Mavis anakumba chinangwa chambiri, n'kukhalira kusenda, kuviika ndi kuvuula. Khungu la zala zake linasupuka. Lolemba m'mawa anaika chala pa kagalasi, loko anayatsa getsi lofiira. Anapukuta chalacho pa chitenje. Lofiira. Anachidzoza mafuta. Lofiira. Kumbuyo kwake kunali asodzi awiri ofuna zingwe, ndipo mmodzi anafunsa mwaulemu ngati angayeseko chake.

Mavis anaimbira foni Griffin.

"Lembetsa chala china," anatero Griffin.

"Ndilembetse bwanji?"

"Ndiyenera kuyamba ndaika changa."

"Chanucho chili kuti?"

Griffin anakumbuka kuti lokoyo anali ndi kiyi wa pangozi, wolowa pa kabowo kobisika kunsi. Anamufufuza n'kumupeza msanga. Anali m'thumba mwake, ku Joni komweko.

"Ndiye uyambe wasiya za chinangwa," anatero.

"Ana adya loko?"

Mavis anapita kwa Ada Mhone. Anawapeza akusesa pabwalo. Atamva nkhaniyo sanaseke. Analowa m'nyumba, anavala jekete ndi tayi, n'kutsagana naye mpaka kusitolo. Anaika chala, chitseko chinatseguka.

"Yewo, Ada," anatero Mavis.

"Mawa nthawi yanji?" anafunsa Ada Mhone.

Kuyambira pamenepo ankabwera m'mawa uliwonse. Ankafika Mavis asanafike, n'kuima pakhonde manja kumbuyo, chifukwa ankati si bwino kutsegula sitolo ya eni mwini palibe. Kuwabweza opanda kanthu kunali kovuta, choncho Mavis ankawapatsa tiyi. Atamwa tiyi sankafulumira kupita. Anayamba kukhala pa mpando wa pakona, kufunsa asodzi za makolo awo, poti ambiri mwa iwo anawaphunzitsa kusukulu. Chalacho ankachisamala. Anasiya kuwaza nkhuni, ndipo popatsa anthu moni ankachipinda.

Mavuto analipo. Griffin ankafuna kuti sitolo izitsegulidwa Lamulungu masana, chifukwa asodzi ambiri amakonza maukonde tsiku limenelo. Mavis atanena zimenezi, Ada Mhone anayang'ana chala chawo n'kunena kuti pa Sabata chimapuma. Panalibe mkangano. Sitolo inkangokhala yotseka.

Zala za Mavis zikachira, loko ankamulola masiku ena, ena ayi. Sankadziwa kuti mawa adzadzuka ali ndani pamaso pa lokoyo.

Tsiku lina Ada Mhone anapita ku maliro ku Limphasa, ndipo maliro ake anali a wachibale, oti sangabwere tsiku lomwelo. Inali nyengo ya usipa. Asodzi ankabwera, n'kupeza Mavis atakhala pakhonde la sitolo yake ngati mlendo, katundu akuoneka pawindo. Ena anapita kukagula kwina. Mavis sanalire ngakhale kukalipa. Anangopita kwa Weston.

Sitoloyo inali ndi khomo la kumbuyo lotsekera m'kati ndi chitsulo. Ada Mhone atabwera n'kutsegula kumaso, Weston anazungulira kumbuyo ndi zida zake. Ulendo uno Mavis ndiye anasankha yekha loko. Anasankha wolendewera, wamkuwa, woti dzimbiri lichedwe kumugwira, ndipo kiyi wake anamumanga pa mpango.

Chotsala chinali kuwauza Ada Mhone. Mavis anadikira amalize tiyi.

"Ada, ndaika loko wina kumbuyo. Takuvutitsani mokwanira. Tsopano mutha kumapuma m'mawa."

Ada Mhone anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Mwachita bwino, Ama," anatero. "Munthu asamadalire chala cha mnzake."

Anaimirira, anakonza tayi, n'kupita. Mavis anawayang'ana akuwoloka msewu pakati pa maminibasi. Anakumbuka kuti kunyumba kumene ankapitako kunalibe wowafunsa kuti mwayenda bwanji. Masana onse anagulitsa mtima uli kwina, mpaka munthu wina wofuna mbedza anamupatsa chingwe.

M'mawa mwake analowera kumbuyo. Anasesa, anapukuta pa kauntala, n'kupita kukatsegula chitseko cha kumaso, chimene chinkatseguka m'kati popanda chala cha wina aliyense. Asanagwire chogwirira anaona pawindo jekete. Ada Mhone anali ataima pakhonde, manja kumbuyo, akuyang'ana kumsewu ngati munthu wodikira galimoto.

Mavis anabweza dzanja. Anatulukira kumbuyo, anatseka loko wake wamkuwa, anazungulira nyumba yonse n'kutulukira kumaso.

"Mwadzuka bwanji, Ada?"

"Ndimangodutsa," anatero Ada Mhone.

"Mwachita bwino kudutsa. Khomo la kumbuyo ndi la katundu. La makasitomala ndi ili."

Ada Mhone anaganiza pang'ono, n'kuvomera kuti ndi zoona, sitolo yolongosoka imayenera kusiyanitsa makomo. Anapukuta chala pa jekete.

Weston, amene anaona zonsezi ali pa shedi yake tsidya la msewu, anafunsa Mavis masana kuti loko watsopano wavuta chiyani. Mavis anati sanavute.

Patapita miyezi, loko wa kumaso anayamba kulira mofooka, ndipo Mavis anagula mabatire atsopano n'kupempha Weston awaike. Griffin ataimba foni, anauza Mavis kuti mnzake wina wa ku Kande akumanga malo ogona alendo ndipo akufuna kudziwa ngati loko wa chala ndi wodalirika.

"Muwauze agule," anatero Mavis. "Koma ayambe aona kuti pa tsiku la pemphero aitana ndani."

Pakona, Ada Mhone anali akuuza msodzi wina wachinyamata kuti ukonde umene wasankhawo maso ake ndi aang'ono kwambiri, ndipo bambo ake sakanaugula. Msodziyo anaubweza pa shelefu n'kutenga wina.