Chipika Chowola cha Pakhonde

Ine ndimasunga tizikumbu todumpha. Ndi tija tosongoka ngati njere ya nkhaka, timene tikagwa chagada timapinda msana n'kulira kuti thwa, n'kudumphira m'mwamba kuti titembenuke. Takufa ndimatibaya ndi mapini m'bokosi lagalasi. Anzanga kuchipatala cha mano komwe ndimagwira ntchito anatopa nako kundiseka, masiku ano amangondifunsa ngati ziweto zanga zadzuka bwino.

Chimene ndinkanyadira kwambiri chinali chipika chowola chomwe ndinachiika pakhonde, m'beseni long'ambika. Ndinachitola pomwe ankadula mitengo pokuza msewu, ndipo m'kati mwake munali mphutsi zofiirira, zolimba ngati waya. Mphutsi zimenezi sizifulumira. Zimatha zaka zili m'mtengo zisanasanduke tizikumbu. Ndinkachiwaza madzi kuti chisaume, nyengo zikusinthana ine ndikungodikira. Mwezi wina ndinatukula khungwa pang'ono n'kupeza imodzi itagona m'kadzenje kake, yoyera, timiyendo titayamba kuoneka.

Mwezi womwewo apongozi anga aamuna anabwera kudzakhala nafe atachitidwa opaleshoni ya diso. Anagwira ukalipentala moyo wawo wonse, ndipo manja awo sadziwa kukhala chete. Adokotala anawaletsa kunyamula zolemera, koma pasanapite nthawi anali atakonza chitseko cha kubafa, mpando wogwedera, ngakhalenso kabati yomwe tonse tinaizolowera ili yopendekeka.

Tsiku lina nditaweruka ndinapeza khonde lili mbee. Pomwe panali beseni panali kashelefu katsopano, kopalidwa bwino, kakununkhira vanishi. Apongozi anaima pambali pake, manja kumbuyo, bandeji ili padiso, akudikira kuti ndikaone.

Ndinawafunsa mwaulemu komwe chipika chinapita. Anandifotokozera kuti chinali chodzaza tizilombo, chikanamaliza mipando yonse ya m'nyumba, choncho anachipereka kwa a galimoto ya zinyalala m'mawa.

"Ine ndili pano simungamasunge zowola, mwana wanga," anatero. "Apa muziikapo maluwa."

Ndinathokoza. Ndinachita kugwada pothokozapo. Kenako ndinalowa kuchipinda n'kukhuthulira amuna anga mawu onse amene sindikanatha kuwauza bambo awo. Iwo anali pabedi akuvula masokosi. Anati anaiwala kuwachenjeza, kuti mkuluyo amangofuna kuthandiza, komanso kuti zipika zowola zili mbwee paliponse. Ndinawafunsa ngati zaka zanga zija nazonso zili mbwee paliponse. Anangopinda masokosi aja.

Mawa lake ndinapempha kuweruka msanga, n'kukwera basi mpaka kumtaya. Mlonda wa pageti anayang'ana yunifolomu yanga yoyera, nandifunsa kawiri chomwe ndataya. Nditamuuza kuti ndi mtengo wowola, anangondilozera mulu wa dzulo lake ndi chibwano. Ndinafukula ndi ndodo, ntchentche zili pankhope, matewera ndi makoko zikundimata kumapazi. Beseni ndinalipeza m'thumba la mayi wina wotola mapulasitiki. Chipika anachiona ndithu, koma mnzake anachitenga kukakolezera moto. Anati sichinayake bwino n'komwe, chinkangofuka utsi.

M'basi yobwerera palibe anafuna kukhala nane mpando umodzi.

Amuna anga anakawauza bambo awo zonse, ngakhale ndinawaletsa. Apongozi sanapepese ndi pakamwa. Kwa masiku angapo ankadya mofulumira n'kukadzitsekera kuchipinda. Kenako anayamba kuyenda masana, amati adokotala anawauza kuti aziwongola miyendo, ndipo ndikafika ndinkapeza kabokosi ka machesi pashelefu paja.

M'kabokosi koyamba munali mphemvu. M'kachiwiri munali kafadala. Kenako zinabwera ziwala, nankafumbwe wa m'thumba la nyemba kusitolo, ndi chinthu china chomwe chinandiluma chala ndisanachione bwino. Diso lawo linali lisanachire, ndiye chilichonse chamiyendo isanu ndi umodzi ankachiweramira. Mathalauza awo ankabwera ndi dothi m'maondo. Madzulo aliwonse ankaimirira pakhomo kuti ndiwatsegulire kabokosiko iwo akuona, ine n'kuthokoza, n'kudikira kuti alowe kuti ndikataye kuseri.

Tsiku lina ndinaganiza zowalongosolera. Ndinawaonetsa bokosi lagalasi, ndinawauza za msana wopindika ndi kaphokoso kaja. Kenako ndinatenga kachikumbu komwe anabweretsa tsikulo, kakuda konenepa, n'kukagoneka chagada patebulo kuti adzionere okha kuti si kodumpha. Kanangopalasa miyendo m'mwamba. Tinakayang'ana tonse kwa kanthawi.

"Katopa ndi ulendo," anatero apongozi. "Kasiyeni kapume, kadumpha."

Ndinakasiya pomwepo.

Diso litachira tinawaperekeza kudepoti. Asanakwere anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndisadandaulenso. Kwawo kuli adzukulu ambiri osowa chochita, anawaimbira kale foni, ndipo ayamba kale kutolera tizilombo. Azipatsira kondakitala wa basi mwezi ndi mwezi kuti azindibweretsera.

Ndinati zikomo, bambo. Amuna anga anali atatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka, akunamizira kutsokomola.