Fayilo Inafika Koma Sinawerengedwe

Wamakompyuta atangolowa m'chipinda chofungatira mazira, kutentha kunamumenya kumaso ngati watsegula uvuni. Mazira zikwi ziwiri anayenera kuswa Lachisanu, ndipo ogula anapiye anali atasesa kale makola.

Kutenthako kunkayendetsedwa ndi kakompyuta ka pakhoma, potsatira malamulo amene iye analemba m'fayilo imodzi. Lolemba anazindikira kuti analakwitsa nambala m'fayilomo. Anaikonza ali kunyumba, n'kuitumiza, n'kuimbira alamu ake, eni mazirawo, kuti atseke pulogalamuyo ndi kuitsegulanso.

Lero linali Lachinayi. Atayang'ana pa sikirini, mtima unawira. Pulogalamu inali isanatsekedwepo chiyatsire.

"Alamu, ndinakuuzani chiyani?"

Alamuwo anatulukira akupukuta manja pa ovolosi. Ndi anthu aja amakufunsa nzeru mwaulemu, n'kukachita zawo.

"Fayilo yanutu inafika. Ndinaiona ndi maso angawa."

"Kufika si kuwerengedwa ayi. Chinthuchi chimawerenga fayilo kamodzi kokha, poyamba, n'kusunga m'mutu. Mukaisintha chili mkati mogwira ntchito, sichidziwa. Masiku onsewa chakhala chikuphika mazira ndi nambala yakale."

"Inu alamu, m'nyumba ya mazira sitizimitsa kanthu, ngakhale babu. Ndakalambira pa ntchito imeneyi. Dzira likazizira ndiye kuti lapita."

"Ndinati muzimitse makina ine? Ndinati pulogalamu!"

Wamakompyutayo anakwiya, koma chomupweteka kwambiri chinali chakuti nambala yolakwikayo analemba yekha. Anatenga tochi, n'kuyamba kuunika mazira limodzilimodzi. Loyamba, mwanapiye ali zii. Lachiwiri chimodzimodzi. M'mathireyi onse a pamwamba munalibe logwedezeka, koma a pansi ochepa ankasunthabe.

Anabwerera pa kompyuta, anatseka pulogalamuyo, n'kuitsegulanso kuti iwerengenso fayilo. Alamu aja anali atagwira chitseko cha makina ngati pali wofuna kuwalanda. Fani sinasiye n'komwe kuzungulira. Asanaphethire kawiri, nambala yatsopano inali pa sikirini, kutentha n'kuyamba kutsika.

"Basi?" anafunsa alamuwo chapansipansi.

"Basi. N'zimene mwakhala mukukana masiku atatu."

Anawapatsa ndowa yotayiramo mazira akufa, n'kusolola thireyi yoyamba ya pamwamba. Mazira ake anali akadali otentha bwinobwino.